Amalume Zebedayo ndi Sukulu ya M'foni

Mwezi wathawu tinamanga chiliza cha amalume. Mmisiri anatifunsa chaka chimene anabadwa kuti alembe simenti isanaume, ife n'kungoyang'anana. Amayi ananena chaka chawo, akulu a mpingo anali ndi china, pachiphaso chaunzika panalinso china. Amalume Zebedayo Mbewe sankaulula za iwo eni mofanana kwa anthu awiri. Ankati munthu akadziwa tsiku lako lobadwa ndiye kuti wakugwira kale mwendo umodzi. Tinangomuuza mmisiriyo kuti alembe dzina ndi tsiku lomwalira, poti limenelo lokha sakanatha kutibisira.

Anali mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo. Anali wamtali, wowonda, wa maso ang'onoang'ono osaphethira msanga. Jekete lawo lotuwa ankalivala ngakhale mu Okutobala. Mudzi wathu uli m'mapiri, pamene msewu wochokera ku Dowa umayamba kukhotakhota kulowera ku Ntchisi, ndipo m'dera lonselo ankadziwika ndi dzina loti a Wanenandani. Ukawauza kuti kwagwa maliro kutsidya, asanapepese n'komwe ankayamba afunsa amene wanena. Ukatchula munthuyo, ankafunsanso kuti iyeyo wamva kwa yani.

Mbewu yogula kusitolo sankaibzala asanaiyese. Ankatapako pang'ono, n'kuikulunga m'chiguduli chonyowa, kudikira kuti aone ngati imere. Kuchigayo ankaima pafupi ndi makina mpaka nkhope kuyera ndi ufa, kuopa kuti wina angawasinthire chimanga. Nkhani za pawailesi ankamvera nyumba ziwiri zoulutsira mawu, kenako n'kunena kuti zoona zake ndi zimene onse awiriwo asiya. Foni yawo inali kakang'ono ka mabatani. Pokamba nkhani za pabanja ankayamba aichotsa batire, n'kuitsekera m'chitini cha tiyi. Mlendo akafika ankamufunsa kwawo ndi makolo ake, n'kumulandira bwino ndithu, koma pomuperekeza ankamufunsanso mafunso omwewo ngati aiwala, kuti amve ngati mayankho afanane.

Anakangana ndi anthu ambiri. Mlangizi wa zaulimi anasiya kudzera pakhomo pawo. Abusa ena anawadandaula kubwalo la mpingo chifukwa anaimitsa mlaliki wachilendo pakhomo la tchalitchi, n'kumufunsa amene anamudzoza. Akazi awo aNachisale ankaseka n'kumati bamboyu asanawafunsire anazungulira midzi yonse kufufuza mbiri yawo, ndipo mpaka ukalamba kafukufukuyo anali asanamutseke. Ife ana tinkawaopa. Koma mwana akadwala usiku kapena mbuzi ikasowa, tinkathamangira kwa iwo omwewo, chifukwa munthu wosakhulupirira chilichonse sasiya kufunafuna.

Nkhani imene ndimawakumbukira nayo kwambiri ndi ya mlongo wanga Esinala. Iye ndi mlangizi wa zaumoyo, wa aja oyenda m'midzi kuyeza ana sikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Anakwatiwa ndi a Limbani Phiri, mlimi wa fodya, munthu wolimbikira koma wa mtima wapachala. Chaka china Esinala anayamba maphunziro a yunivesite kudzera pa intaneti. Pamudzi pathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha, choncho madzulo aliwonse akaweruka ankakwera pachulupo, zomvera zili m'makutu. Loweruka ankapita ku Dzaleka, kumene bungwe lina lili ndi nyumba ya makompyuta yophunziriramo othawa kwawo pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira.

Anthu anayamba kulankhula. Tsiku lina masana alamu anga aja anafika kwa amalume ndi nkhoswe yawo, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya. Esinala anaitanidwa, amayi anabwera, inenso ndinalipo. Amalume anachotsa batire m'foni, n'kuuza aliyense kuti achite chimodzimodzi.

"Ine ndatopa, amalume," anatero a Phiri. "Mkaziyu amakhala pachulu ngati mbuzi, akuseka m'Chingerezi. Ndinamva ndi makutu angawa mawu a mwamuna. Loweruka ndiye amavala bwino, ati ku Dzaleka. Kumsika anzanga akundiseka kuti ndikulimira fodya anthu a ku Kongo."

"Iwe Nabanda, wamva. Mwamunayo ndani?" anatero amalume, atatembenukira kwa Esinala.

"Ndi aphunzitsi, amalume."

"A sukulu iti?"

Esinala anatchula dzina la yunivesiteyo.

"Ili kuti?"

"Likulu lake lili kunja. Ife timaphunzira pa foni ndi pa kompyuta."

"Unalionapo khomo lake? Belu lake unalimvapo?"

"Ayi."

"Anzako a m'kalasi?"

"Ali m'mayiko osiyanasiyana. Ena ali ku Dzaleka konko."

"Onse akuphunzira zaumoyo?"

"Ayi, amalume. Ena zamalamulo, ena zowerengera chuma, ena zauphunzitsi, zaulimi, zamakompyuta. Maphunziro alipo ambirimbiri, munthu umangosankha."

Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati zimenezi zikuwakumbutsa sing'anga wa pamsika amene botolo lake limodzi limachiza chifuwa, nsana, kusabereka ndi mlandu wa kukhoti. A Phiri anayamba kumwetulira, kuyesa kuti mlandu wawakomera. Amalume anawatembenukira.

"Musaseke, aPhiri. Inunso sindikukukhulupirirani. Mwamva mawu, simunaone munthu. Amene akukusekani kumsikawo aona chiyani? Mwanayunso sindikumukhulupirira, ndipo sukulu yakeyo ndiye n'komwe. Loweruka ndipita ndekha ku Dzaleka ndikaone."

Amayi anagwira pakamwa. Tonse tinkadziwa kuti amalume sanapondeko ku Dzaleka chitulukireni kumeneko.

Kale, malowo asanakhale msasa wa othawa kwawo, inali ndende ya anthu oganiziridwa zandale. Amalume ali mnyamata, atangoyamba uphunzitsi, ankachita maphunziro a pamakalata ndi sukulu ina ya kunja. Mwezi ndi mwezi ankalandira maenvulopu akuluakulu a masitampa achilendo, muli masamu ndi mbiri yakale. Mphunzitsi mnzawo, amene ankadyera naye mbale imodzi, anakanena kuti Mbewe amalemberana ndi zigawenga. Anawatenga ali m'kalasi, choko chili m'manja. Anabwerako patapita nthawi yaitali, mano ena atachoka. Maphunziro aja sanawapitirize. Amayi amati asanapite kumeneko anali mnyamata wansangala, woimba kwaya, wobwereketsa njinga yake kwa aliyense. Ife tinawadziwa atasanduka kale a Wanenandani. Akamapita ku Lilongwe, minibasi ikamadutsa pa Dzaleka, ankayang'ana kumapazi mpaka ipitirire.

Loweruka lija ndinawanyamula panjinga yamoto. Esinala anakwera ya kabaza. Amalume anakana chipewa chodzitetezera, ati sakudziwa amene anachivala dzulo. Titafika anatsika, n'kuima m'mbali mwa msewu. Panali phokoso la msika, fungo la chapati ndi mafuta okazingira, atelala akupalasa makina pakhonde, ana akuitanizana m'Chiswahili. Amalume anayang'ana uku ndi uku nthawi yaitali, ngati munthu wofuna malire a munda umene unalimidwa ndi ena. Kenako analoza ndi chibwano kumene kunali mzere wa timagolosale.

"Waya ankadutsa apo," anatero.

Nyumba yophunziriramo inali ya njerwa zootcha, ya masola padenga. M'kati munali matebulo ataliatali ndi makompyuta, anthu atakhala phee, aliyense zomvera zili kumutu. Woyang'anira anali mayi wa ku Burundi dzina lake Odeta, wolankhula Chichewa chomveka bwino koma chokoka. Anawapatsa mpando. Iwo anaugwedeza kaye asanakhalepo, kenako anaimanso n'kuyamba kuyendera mizere, manja kumbuyo, monga ankachitira poyang'anira mayeso. Anafunsa aliyense chimene akuphunzira. Mnyamata wina wa ku Kongo anati zamalonda. Mtsikana wovala mpango anati unamwino. Bambo wina wa imvi anati kwawo anali woweruza milandu, koma mapepala ake anapsa pankhondo, ndiye wayambiranso. Amalume anamuyang'anitsitsa bamboyo, ndipo sanamufunse funso lachiwiri.

"Mayi, chipinda chimodzi, maphunziro onsewa, mphunzitsi palibe ndi mmodzi yemwe," anatero kwa Mayi Odeta. "Inu simukuona chachilendo?"

"Bambo, ifenso poyamba tinkaopa," anayankha. "Sukulu zabodza zilipo zambiri. Zinawapweteka anthu muno. N'chifukwa chake timafufuza tisanalole munthu kulembetsa."

"Amafufuza ndani?"

"Ife ndi a bungwe."

"Nanga a bungwewo amawafufuza ndani?"

Mayi Odeta anaseka, n'kunena kuti funso limenelo akalipereka kwa akuluakulu.

Nthawi ya phunziro la Esinala itakwana, pakompyuta panaoneka bambo wonenepa wadazi, wa magalasi, kumbuyo kwake kuli mashelefu a mabuku. M'mbali munali timabokosi ta nkhope za ophunzira ena. Esinala anapepesa, n'kufotokoza kuti wabwera ndi malume ake amene ali ndi mafunso. Amalume anakonza jekete, n'kutulutsa Chingerezi chawo cha kumishoni chimene tinali tisanachimve kwa zaka.

Choyamba anamuuza bamboyo kuti akweze dzanja lamanzere. Iye anadabwa, koma anakweza. Kenako anamufunsa mtundu wa jekete limene iwo avala. Anayankha kuti lotuwa. Amalume anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti chabwino, si filimu. Timabokosi tija tinadzaza mano.

Anapitiriza. Anafunsa ngati mwanayu atadwala iye angadziwe. Mphunzitsiyo anati sangadziwe pokhapokha atauzidwa. Anafunsa ngati munthu wina sangamulembere mayeso. Iye anati polemba mayeso kamera imakhala yoyatsa ndipo amaonetsa chiphaso, komabe alipo ena amene amabera, ndipo si onse amene amagwidwa. Anafunsa ngati pepala la sukuluyi boma lathu lingalilandire. Bamboyo anati limenelo asayankhe ndi iye, akafunse ku ofesi ya m'dziko lathu yoona za masukulu a ukachenjede, ndipo asakhulupirire mawu ake okha.

Kenako amalume anamufunsa ngati ali ndi banja. Iye anatembenuza kompyuta yake, tinaona mayi wachikulire akusita zovala, n'kutibayibitsa.

Tikutuluka anandiuza kuti munthu wovomera kuti denga lake limadontha amamvekako bwino kusiyana ndi wolumbira kuti kwake sikugwa mvula. Koma anawonjeza kuti akuba ochenjera amadziwanso zimenezo. Sabata yotsatira anandituma ku Lilongwe ku ofesi ija. Ndinabwerako ndi yankho loti sukuluyo ndi yodziwika. Anandifunsa dzina la amene anandiyankha, maonekedwe ake, ndiponso ngati anayang'anadi m'kompyuta kapena anangondiyankha kuti ndichoke.

Kukayika kwawo sikunali kopanda pake. Nthawi yomweyo mphunzitsi wina wa pasukulu yathu, a Kamwendo, anapeza pa foni yunivesite yolonjeza digiri ya zautsogoleri m'masabata ochepa, popanda mayeso. Anajambulitsa atavala mkanjo, chithunzi n'kuchipachika pabalaza, n'kuyamba kufuna kuti tiziwatchula dokotala. Amalume anawauza pamaso pa anthu, potuluka m'tchalitchi, kuti chimanga chocha msanga chotero ngakhale anyani amachikayikira. Anadana chaka chathunthu. Pepalalo litakanidwa ku ofesi ya zamaphunziro, ndipo a Kamwendo atatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, amalume sanakondwere. Anangoti tsopano aone za Esinala, mwina nayenso ndi mawa.

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mlandu uja anauweruza tsiku lotsatira ulendo wa ku Dzaleka, titaweruka kutchalitchi. Anthu anali omwe aja.

"APhiri, mwamuna wanuyo ndamuona. Ndi wadazi, ndi wamkulu kuposa inu, ali kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo mkazi wake amasita bwino. Kumeneko kulibe mlandu. Za sukuluyo sindikuikira umboni. Mwina mwanayu akutaya nthawi yake. Koma kutaya nthawi si chigololo."

A Phiri anati anthu sasiya kulankhula.

"Sasiya, ndikudziwa. N'chifukwa chake kuyambira Loweruka likubwerali ndizipita naye ineyo. Wofuna kunena kanthu adzanene kwa ine."

Amayi anawaletsa, ati msinkhu wawo si woyenda panjinga yamoto m'mapiri muno, komanso malo aja amawadwalitsa mtima. Amalume anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana chitini cha tiyi chija.

"Tsiku limene anandigwira, aphunzitsi onse ankadziwa zimene zinali m'maenvulopu muja. Ena ndinkawabwereka mapepalawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Munthu wophunzira payekha amaoneka ngati akubisa kanthu. Ameneyu sasowa mboni ine ndili moyo."

Aka kanali koyamba ndi komaliza kuwamva akukamba za tsiku limenelo.

Anachitadi zimene ananena. Mvula, fumbi, chisanu cha mu Juni chimene chimatsika m'mapiri a Ntchisi, Loweruka lililonse ankavala jekete lija n'kukwera kumbuyo kwa njinga. M'nyumba yophunziriramo sankalowanso. Ankakhala pabenchi panja, moyang'anana ndi khomo, osadya kanthu ka pamsika, atanyamula mbatata yawo yootcha m'thumba. Anazolowerana ndi telala wina wokalamba wa ku Kongo wa pafupi pomwepo. Ankakangana za Baibulo tsiku lonse, wina m'Chichewa chothyoka, wina m'Chiswahili cha mawu asanu. Amalume ankati telalayo ndi kazitape. Telalayo atadwala, anamutengera nkhuku.

Madzulo ena ankakwera nawo pachulu paja, n'kukhala chapatali ndi Esinala. Pobwerera ankamufunsa zimene waphunzira, n'kutsutsa chilichonse. Atamva za tizilombo ta m'madzi tosaoneka ndi maso, anafunsa kuti nanga amene anationa anationa bwanji. Esinala amati mafunso amenewo ankamutopetsa mpaka kulira, koma pofika tsiku la mayeso ankapeza kuti palibe funso loposa a amalume.

Miseche inazilala, poti panalibe wofuna kukafunsidwa kuti wamva kwa yani. Ukwati unatsimphina ndithu, koma sunagwe. A Phiri anakhala miyezi akuyankha mkazi wawo ndi mphuno. Tsiku lina njinga yanga itawonongeka, iwo ndi amene ananyamula amalume, ndipo anabwerako akufunsa ngati kumeneko kuli maphunziro a zaulimi wa fodya.

Mwambo womaliza maphunziro unachitikira pakompyuta pomwepo. Dzina la Esinala litatchulidwa, amayi analulutira mpaka Mayi Odeta anatseka makutu. Amalume sanaombe m'manja. Satifiketi itafika anaipenyetsetsa padzuwa, anaikanda pakona ndi chikhadabo, anainunkhiza. Anati pepala ndi pepala, tidzaona akalilandira olemba ntchito. Koma aNachisale anatiuza kuti tsiku limenelo anawapeza kuseri kwa nkhokwe akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndipo atawaona anasintha n'kukhala ngati akutsokomola.

Amalume anadwala mvula itangoyamba. Tinawatengera kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, kumene anamwino anawasamala bwino ngakhale kuti m'bulu uliwonse wa mankhwala ankafuna auone kaye paketi yake. Esinala anali atafunsira udindo woyang'anira alangizi anzake kuboma, koma yankho linali lisanabwere. Tsiku lomaliza limene analankhula bwinobwino anamuitana pafupi.

"Nabanda, akuyankha?"

"Ayi, amalume. Ati tidikire."

"Akakutenga udzandiuze. Koma usadzabwere wekha, udzabwere ndi wina woti anaona."

Anamwalira patapita masiku ochepa. Esinala anaitanidwa kuntchito yatsopanoyo chimanga chitayamba kuuma. Anapita kumanda kukanena, ndipo anatenga a Phiri.

Tsopano aNachisale anasamukira kwa mwana wawo ku Mponela, nyumba ija ndi yotseka. Pachitseko pali maloko awiri amene makiyi ake sitinawapeze onse. Mpanda wa udzu unagwa mbali ya kumsewu, ndipo anthu atsegula njira yachidule yodutsa pakati pa bwalo, pamene kale ngakhale nkhuku ya eni inkayamba yaima. Pakhonde pamera chisoso. Tsiku limene tinamaliza chiliza, pobwerera tinapeza galimoto yachilendo itaima pansi pa mango awo, chimkuzamawu chili padenga. Anyamata ovala mataye ankalemba mayina a anthu, ati kukubwera ngongole za feteleza ndi maphunziro aulere a ana, aliyense angopereka chiphaso chake achijambule. Anthu anandanda mzere kuchokera pamtengopo mpaka pamasitepe a khonde, ziphaso zili m'manja, ena atakhala pakhonde penipenipo kuthawa dzuwa. Galimotoyo inakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chitseko cha amalume chija sichinatseguke.